Foni Imene Inagona pa Nkhokwe ya Apongozi

Abale ndi alongo, ndisanayambe ndili ndi pempho limodzi: musathimitse mafoni. Ndikudziwa kuti atsogoleli athu anena kale kuti tithimitse, andikhululukile. Ine ndikamalankhula, foni ya munthu ikafuna kulila ilile, mwiniwake atuluke akayankhe. Mukamva nkhani yanga simudzandifunsa chifukwa chake.

Ndine Lazalo Daka. Ena mumandidziwa pamsika pano pa Petauke, pa kashopu ka mafoni kuseli kwa azimai ogulitsa zovala za salaula. Ena munandidziwila ku Nyimba, ndili chigonele pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa siteshoni, nsapato imodzi kulibe. Musayang'ane pansi, bambo inu a malaya ofiila, nanunso ndinakuonani kumeneko. Lelo tonse tasamba, tithokoze Mulungu.

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Kusintha sikilini, kuwotchelela pobayila chaja, kufulasha. Kufulasha, kwa inu amene simuli a ntchitoyi, ndi kufufuta pulogalamu yaikulu imene imayendetsa foni yonse n'kuikamo ina. Pulogalamu imeneyo ndiyo imauza foni kuti lila, yaka, sunga nambala iyi. Ikachoka, chotsala m'manja mwanu ndi galasi ndi pulasitiki chabe.

Chinkandiwawa ndi ichi. Alimi ochokela ku Kalindawalo, ku Nyalugwe ndi kwina ankabwela ndi mafoni akale, thupi lake lili bwinobwino, koma oyenda mokoka miyendo. Batili kutha dzuwa lisanafike pamutu. Bandulo kutha munthu asanatsegule kanthu. Zolembedwa zonse m'Chingelezi. Amene anapanga mafoniwo anawataya kalekale, iwo akufuna mugule ena. Ine ntchito yanga inasanduka youza munthu amene walima nshawa chaka chonse kuti, "Bambo, iyi yakalamba." Ndinatopa nawo mawu amenewo. Ndinati ndipanga pulogalamu yanga yoyendetsa foni, yopepuka, yolankhula Chinyanja ndi Chinsenga. Ndinaitcha Kambwili, pakuti khasu likatha silitayidwa, limapalilabe.

Ndisakunamizeni kuti ndinayambila pa dothi. Pa intaneti pali anthu amene amasiya maziko a mapulogalamu otele kuti aliyense atenge amangepo zake. Ndinatenga, ndinayamba kumanga, ndikumati pofika nthawi yokolola ndidzakhala nditamaliza. Anthu anakolola, analimanso, anakololanso, ine ndidakali pomwepo.

Mvelani mavuto ake, anyamata inu amene mumabwela kushopu kudzandifunsa. Mafoni awili, dzina limodzi, bokosi limodzi, koma ukatsegula mkati zipangizo zake n'zosiyana. Chimene chayenda pa iyi, ukachiika pa inzake foni yafa. Opanga mafoni safotokoza mmene kamela yawo imagwilila ntchito, kapena kachipangizo kokoka netiweki. Amakhoma chitseko, kiyi m'thumba mwawo, iwe uzingoyelekeza uli panja. Kamela itayamba kugwila, inkajambula anthu obiliwila. Mkazi wanga Esinati atadziona anati, "Atate ake Mwai, munakwatila munthu kapena masamba a chibwabwa?" Ndikakonza kamela, sipika yasiya. Ndikakonza sipika, foni ikutentha m'thumba. Laputopu inkafunika kugwila ntchito tsiku lathunthu kuti isonkhanitse pulogalamu yonse, ndiye itatsala pang'ono kumaliza, magetsi thimu, kuyambilanso. Choipitsitsa, timapulogalamu timene anthu amatifunadi, tochezela ndi abale, totumizila ndalama, tikaona Kambwili tinkakana kutseguka. Ndipo munthu sasunga foni chifukwa cha nzelu za Lazalo, amafuna aone chithunzi cha mdzukulu wake amene ali ku Lusaka.

Koma chinthu chimodzi chinanditheka, ndipo ndicho chinandipha. Ndinaphunzitsa Kambwili kugona. Foni ikakhala nthawi yaitali osakhudzidwa, inkagona tulo tofa nato, batili n'kukhala masiku ambili osatha. Kumudzi kumene kuchajitsa foni ndi ulendo wa njinga, chimenecho ndi chuma. Mutu unandikula. Ndinayamba kudzitcha injiniya, moni ndinkayankha ndi chibwano. Mnzanga wa shopu yoyandikana nane, a Mumba, anati, "Lazalo, tiye tikaiyese kaye kumudzi tili awili, tione mmene izichitila." Ndinakana. Mumtima ndinkati akufuna kundibela nzelu. Ndinkaiyesa ndekha pa tebulo langa, foni ili m'manja, netiweki ili yodzaza, ndipo zonse zinkayenda.

Munthu woyamba kumuikila Kambwili anali apongozi anga, amai ake a Esinati, amene amakhala ku Nyalugwe. Ndinkafuna aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Anakondwa kwambili, makamaka poona foni ikuwalembela m'chilankhulo chawo.

Manje mumvetse mmene foni imakhalila kumeneko. Pakhomo pa apongozi netiweki imagwila malo amodzi okha, pa mzati wa nkhokwe. Anamangililapo kapu ya pulasitiki, ndipo foni imakhala m'kapumo kuyambila m'mawa mpaka madzulo, iwo ali kumunda. Akabwela amasuzumila pa sikilini kuti aone amene anawafuna. Ndipo achibale sawaimbila, amawabipa. Kulila kamodzi, kudula. Banja lonse limadziwa kuti Esinati amawatumizila tokotaimu amai ake, choncho ukawabipa adzakuimbila okha. Ndinkazidziwa zonsezi, ndadya nawo pakhomopo kangati, koma popanga Kambwili sizinandifike m'mutu.

Mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa, ine ndi Esinati tinali ku Lusaka. Ndinapita kukaonetsa Kambwili kwa anthu ena amene ndinkayembekeza kuti andithandiza. Anaomba m'manja, anatipatsa tiyi, nkhani inathela pomwepo. Tili kumeneko, mng'ono wawo wa apongozi anamwalila mwadzidzidzi ku Kalindawalo. Awiliwa anali atakanganako pa za munda wa makolo, ndipo anali asanayanjane bwinobwino.

Mwini mbumba ndi mlongo wawo wamkulu, a Sakala, amalume ake a Esinati. Uthenga wa malilo uli ndi njila yake: amalume amauza mlongo wawo, iye amauza ana ake. A Sakala anabipa. Kukhutu kwawo anamva foni ikuitana bwinobwino. Anadikila, palibe. Anabipanso, anabipanso, tsiku lonse. Wina akadaimba mpaka kumapeto mwina ikadadzuka, koma kumudzi ndani amasiya foni iitane mpaka kumapeto? Pofika madzulo a Sakala anali atapsa mtima. Anati, "Asiyeni. Munthu wa nyumba imeneyo asauzidwenso." Ndi kutentha kuja thupi silikanadikila, anaika m'mawa mwake.

Apongozi anamva patapita masiku, kwa munthu wogula thonje amene anawapatsa pepani panjila, iwo osadziwa kuti pepani wa chiyani. Anafika ku Kalindawalo maluwa a pamanda atauma. A Sakala sanawalandile moni. Anangoti, "Mwasowa chiyani kuno? Ngati ndi munda uja, tengani." Azimai anasuntha mphasa zawo. Ndipo inu mukudziwa zimene anthu amanong'ona za munthu wothawa malilo a m'bale wake: amati akudziwa chimene chamudya.

Apongozi anati foni siinalile ndipo sinaonetse kanthu. Anthu anaseka. Esinati anabwela nayo foniyo kushopu akulila. Ndinaigwila, ndinaibipa ndi yanga, inalila pomwepo. Ndinati, "Waona? Kambwili sanama. Mwina amai anaona n'kuiwala, ukalambatu." Ndinanena zimenezo, ine, za mai amene anandipatsa mwana wake.

Choonadi chinandipeza Lolemba lina m'mawa. Ndinali nditasiya foni ina ya Kambwili m'dilowa kuyambila Loweluka. Ndisanaikhudze, china chake chinandiuza kuti ibipe. Ndinabipa. Kukhutu kwanga inaitana, m'dilowa munali zii. Ndinadula, ndinatsegula dilowa. Patapita kanthawi foni ija inayaka yokha, ngati munthu wodzuka amene sakudziwa chamudzutsa, ndipo pa sikilini panalibe kanthu. Ikagona tulo tija inkachedwa kudzuka, ikamadzuka wobipa wadula kale, ndipo siinkasunga n'komwe kuti kunali munthu. Ndinatseka dilowa, ndinatseka shopu, ndinapita kubala kukamwa. Sindinauze munthu.

Kuchokela pamenepo zinathamanga. Mowa wa m'mabotolo unandichepela, ndinapita ku kachasu. Shopu ndinkatsegula masana, kenako ndinasiya kutsegula. Mafoni a anthu anasowa m'manja mwanga. Laputopu ndinagulitsa. Esinati anapilila, kenako anatenga mwana n'kupita kwa amai ake. Ndinakwela basi kuti ndikafune ntchito ku Nyimba, ntchito imene ndinapeza inali yonyamulila azimai mikoko ya nthochi kupita nayo pa mabasi, malipilo ake n'kukathela kwa ophika kachasu. Injiniya uja. Ndikamva foni ya munthu ikulila pasiteshoni, ndinkachokapo.

Tsiku limene ndikufuna mulimve bwino linali lamsika, dzuwa lili pamutu. Ndinali pansi pa mango uja, theka ndili m'tulo. Ndinamva mawu akuti, "Atate ake Mwai, dzukani."

Nditatsegula maso ndinaona apongozi. Abale, inu mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala moyandikana, sadyela pamodzi, akakumana panjila wina amapatuka. Chikwatilile ndinali ndisanawayang'anepo m'maso. Koma tsiku limenelo mai aja, atayenda ulendo wonse wochokela ku Nyalugwe pa lole, anakhala pansi pafumbi pafupi ndi ine, pamene ndinkanunkha ngati mbiya ya mowa. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa foni ija, anaiika pakati pathu.

"Sindinabwele kudzakufunsani za mowa," anatelo. "Zimenezo ndi zanu ndi Mulungu wanu. Ndili ndi funso limodzi. Foni iyi inalila kapena siinalile?"

Ndinayang'ana nsapato yanga imodzi ija. "Siinalile, amai."

"Munadziwa liti?"

"Kalekale."

Basi ya ku Chipata inafika, azimai a nthochi anathamangila kumawindo akufuula, basi inanyamuka. Kenako apongozi anati, "Ine ndinayamba kudzikayikila ndekha. Ndimati mwina ndakalambadi, mwina ndinaona n'kuiwala, mwina ndine woipa mtima monga akunenela. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Mng'ono wanga sindinamulile mpaka lelo, pakuti ndikalila amati ndikunamizila."

Ndinalila ndine. Ndinati andikhululukile.

"Kukhululuka sikuvuta," anatelo. "Koma dzina langa lili ku Kalindawalo. Mukalitenge kumeneko mundibwezele."

Ndinati a Sakala sangamve mawu a chidakwa. Iwo anati, "Mmene mukawauzile mudziwa ndinu. Sukulu munapita ndinu."

Tinapita. Ndinapempha a Sakala kuti aitane banja, ndipo anavomela chifukwa chofuna kundiona ndikuchita manyazi. M'mawa ndinaika foni ya apongozi pa mpando pakati pa bwalo, aliyense akuona. Ndinati munthu asaikhudze mpaka dzuwa litapendeka. Tinakhala. Apongozi anakhala okha pamphasa yawo cha kuseli kwa khitchini, azimai ena onse mbali ina. Zaka zonse zija ndinkapemphela kuti Kambwili agwile ntchito. Tsiku limenelo ndinapemphela ndi mtima wonse kuti alephele pamaso pa anthu.

Dzuwa litapendeka ndinati, "Amalume, bipani monga munabipila tsiku lija. Ikani pa sipika kuti tonse timve."

Anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, anasindikiza. Tonse tinamva kakuitana. Foni ya pampando ili zii, yakuda bii. Anadula. Anthu anayandikila. Patapita kanthawi inayaka, mwana wawo wamkazi wa a Sakala anawelama n'kuyang'ana, anati, "Atate, palibe chimene yalemba."

Ndinaimilila, ndinanena zonse. Kuti ndine ndinaiphunzitsa kugona, kuti ndinadziwa, kuti ndinakhala chete mai awa akunyozedwa. Ndisanamalize, mai wina wachikulile anayamba kulila malilo. Anadzuka, anakoka mphasa yake, anakakhala pafupi ndi apongozi. Ena anatsatila. Pamenepo apongozi anamasuka, analila mng'ono wawo momutchula dzina, mudzi wonse unamva, ndipo azimai anawagwila n'kupita nawo kumanda.

A Sakala anaimilila, anandiloza ndi chala. "Iwe, chinthu chako chandidanitsa ndi mlongo wanga." Analowa m'nyumba. Kwa mlongo wawoyo sananene kanthu, ngakhale pamene tinkatsazika. Mwamuna wamkulu amene watukwana pagulu, pakamwa pamalemela.

Panjila apongozi anandipatsa foni ija. Ndinati ndiwabwezelamo pulogalamu yakale ya kufakitale. Anati, "Ija ya Chingelezi yotha batili? Ayi. Mukonze yanuyi."

Manje ndikuuzeni mmene ndinabwelela, chifukwa sizinachitike ndi mphezi. Ndinayamba ndi gulu lathu lino la osiya mowa. Ndinkabwela, ndinagwako panjila, ndinabwelanso. Kenako ndinapita kwa a Mumba, amene ndinkawayesa mbala aja, ndinawauza zonse. Anandiseka kaye mpaka misozi, kenako anandipatsa kona ya tebulo lawo ndi laputopu yawo. Mutu umodzi susenza denga, ndinkaudziwa mwambiwu kuyambila ndili mwana, koma ndinkayesa kuti ukunena anthu ena.

Ndinatsata aliyense amene ndinamuikila Kambwili, ndinamuuza vuto lake, wofuna ndinamubwezela yakale. Ena ananditukwana, ndinalandila. Ndinalembela anthu a pa intaneti aja, amene ndinkangotenga zawo osapatsa moni, ndinafotokoza za nkhokwe, za kubipa, za malilo. Ndinkayesa kuti andiseka. Anayankha kuti vuto la foni yochedwa kudzuka likuwasautsa nawonso m'maiko awo, koma anali asanaganizepo za munthu amene amaimba kamodzi n'kudula. Tinalimbana nalo limodzi miyezi yambili. Tinapeza njila yakuti mbali yomva kuitana isamagone ndi zina zonse, ndiponso kuti izilemba nambala kaye isanachite china chilichonse. Batili manje sikhalitsa ngati kale. Ndinavomela, pakuti ntchito yoyamba ya foni ndi kulila munthu akakufuna.

Ndinasiyanso dyela lofuna foni iliyonse. Tinasankha mitundu yochepa imene yafala kuno, imeneyo ndiyo timaidziwa mpaka m'matumbo. Tisanafulashe foni ya munthu timasunga pulogalamu yake yakale, kuti akafuna abwelele. Timamuuza poyela zimene sizigwila: kapulogalamu ka banki kamakanabe mpaka lelo, atumize ndalama posindikiza manambala monga kale. Ndipo Kambwili aliyense watsopano, asanalowe m'foni ya munthu, amakagona kaye pa nkhokwe kumudzi tsiku lonse, a Mumba n'kumubipa ali ku Petauke. Akalephela pamenepo, kaya akongole bwanji, satuluka.

Lelo alimi akubwela ndi mafoni aja ndinkati akalamba, akubwelela nawo akugwila ntchito. Esinati anabwela, osati msanga, anandiyang'anila kaye patali ngati mmene amayang'anila mitambo asanabzale. Inu amene mwakhala kumbuyoko, muli ndi chinthu chimene mukuchidziwa nokha ndipo mukuchithila mowa kuti chife: sichifa. Pali munthu wina amene akusenza katundu wanu kwinakwake. Pitani mukamutule.

Koma chimodzi chinatsala. Dzinja lonse linadutsa a Sakala osalankhula ndi mlongo wawo. Azimai anali atawalandila, kunong'ona kunatha, koma apongozi akamva dzina la alongo awo ankangoyang'ana kumbali. Chimenecho chinkandidya, chifukwa palibe laputopu imene ikanachikonza.

Titakolola ndinapita ku Nyalugwe ndi Esinati. Masana ena tinali pabwalo tikuswa nshawa, ine cha patali monga mkamwini. Foni ya m'kapu inalila kamodzi, n'kusiya. Ndinati, "Ndi a Mumba amenewo, akuyesa." Apongozi anadzuka, anapukuta manja, anakasuzumila. Anaima pomwepo osatembenuka.

Esinati anati, "Amai, ndani?"

"Ndi alongo anga."

Abale, kuno munthu subipa mdani wako. Umabipa munthu amene ukudziwa kuti sangakusiye, adzakuimbila. A Sakala akadatha kutuma mwana, akadatha kugula tokotaimu n'kuimba ngati mlendo. Anabipa.

Apongozi anasindikiza, anatsamila pa mzati uja kuti netiweki isathawe. Ine ndinadzuka kuti ndichoke, nkhani za apongozi sizimvedwa, koma mawu oyamba anandipeza ndisanafike patali.

"Alongo, ndaiona. Yalila."

Ndinakakhala kuseli kwa khola la mbuzi n'kulila ngati mwana, masana dzuwa likuswa mtengo, ndisanamwe kanthu kalikonse. Amene ali ndi mpweya anene Ameni.